Penti salima: zimene ndinaona ku okoshoni ya mathirakitala akale

Mwezi wathawu malume anga anandiimbira foni m'mamawa nkhuku zisanatsike. Mawu awo anali achidule: "Mphwanga, Loweruka uvale nsapato zolimba, tikupita kukagula thirakitala."

Ine ndinayamba ndaseka, poganiza kuti ndi maloto a munthu amene wangopuma kumene pantchito ndipo sakudziwa chochita ndi manja ake. Koma nditamva kuti m'thumba la ndalamazo mulinso K4 miliyoni ya mayi anga, imene aisonkhanitsa kwa zaka zambiri pogulitsa nyemba ndi mtedza mumsika wa Lilongwe, kuseka konse kunandithera. Malume anaikapo ya penshoni, msuweni wathu wina amene ali ku Johannesburg anatumizakonso yake, ndipo zonse pamodzi zinakwana K18 miliyoni. Cholinga chinali choti thirakitalayo izilima minda ya anthu molipitsa kwathu ku Mchinji mvula isanagwe, ndipo miyezi inayo izituta chimanga, soya, mtedza ndi njerwa.

Aliyense amene anafunsapo mtengo wa thirakitala yatsopano akudziwa kuti ndalama imeneyi siyingafikeko n'komwe, makamaka chigwetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Munthu wamba akafuna thirakitala m'dziko muno amayang'ana yakale, ndipo kawirikawiri yakaleyo imakhala yoposa iye mwini zaka. N'chifukwa chake malume ataona chidziwitso m'nyuzipepala choti esiteti ina ya fodya kufupi ndi msewu wopita ku Kasungu ikutseka ndipo katundu yense agulitsidwa pa okoshoni, anadula kachidutswako n'kukasunga m'Baibulo.

Tinanyamuka atatu: malume, ine, ndi mkulu wina wa makaniko wa ku Biwi, bambo wosakonda zolankhulalankhula amene manja ake anada kale ndi oyilo moti sopo anachita kugonja. Malume poyamba amakana zomutenga, ati bwanji tizilipira munthu kuti akangoona ndi maso. Mayi ndi amene anaumirira. "Achimwene, safunsa anadya phula," anatero, ndipo ndalama ya tsiku ya makanikoyo analipira okha.

Amene simunafikeko pa okoshoni ya pa esiteti, pamakhala chonchi. Zigafa za fodya zili mbuu, udzu wamera mpaka pakhomo. Katundu amundandalika pabwalo, chilichonse atachilemba nambala ndi choko: mapaipi othirira, masikelo, makina odindira mabelo, ngolo, mapulawo, ngakhale mabedi a m'nyumba ya manijala. Ogula nawo ndi amitundumitundu. Pali alimi ovala magambutsi, pali anyamata ogula zitsulo zakutha amene chilichonse amachiyeza pa kilo m'mutu mwawo, pali madobadoba oyenda awiriawiri akunong'onezana, ndiye pali mabwana ofika pa magalimoto a magalasi akuda. Chapatali pansi pa mtengo panakhala anthu amene anagwirapo ntchito pa esitetiyo, akungoyang'ana zida zimene anakalamba nazo zikupita. Iwowa sanatchule mtengo ngakhale kamodzi.

Maesiteti otere anakula kwambiri m'zaka za m'ma 1970, nthawi ya Kamuzu, pamene lamulo linkalola maesiteti okha kulima fodya wa bale ndi wochiza ndi moto wa m'mapaipi. Kuyambira 1990 alimi ang'onoang'ono analoledwa kulima bale, ndipo pang'onopang'ono maesiteti ambiri anayamba kufooka. Mathirakitala amene anagulidwa m'zaka zonona zija ndi amene akutuluka m'mashedi lero.

Pa tsikulo analipo asanu. Atatu anali mitembo, opanda injini kapena matayala, oyenera anyamata a zitsulo aja. Otsala awiriwo ndiwo nkhani yanga.

Yoyamba inali kathirakitala kakang'ono kotuwa, kopakidwa penti watsopano wonyezimira, mpaka matayala ake atawapaka polishi. Malume atangokaona anaima chilili. Iwo anabadwira pa esiteti, bambo awo ali tenanti, ndipo akuti kathirakitala ngati komweka ndi kamene ankakathamangira ali mwana kakamabwera kudzatenga fodya. Anakasisita pamphuno ngati akusisita ng'ombe yawo. Ndinaona kuti zinthu zavuta.

Kathirakitala kotuwaka ndi Ferguson TE20, ndipo mbiri yake ndi yoyenera ulemu. Anakapanga mumzinda wa Coventry ku England kuyambira 1946 mpaka 1956, ndipo onse pamodzi anaposa theka la miliyoni. Mwini nzeru zake anali Harry Ferguson, mwana wa mlimi wa kumpoto kwa Ireland. Iye asanabwere, thirakitala inkakoka pulawo ndi tcheni monga zichitira ng'ombe. Kuti matayala agwire pansi inkayenera kukhala yolemera kwambiri, ndipo pulawo ikakodwa pa chitsa thirakitala inkatha kudzuka kutsogolo n'kugwera chagada, kuphwanya woyendetsa. Ferguson anamangirira pulawo ku thirakitala ndi mikono itatu, iwiri pansi umodzi pamwamba, yonyamulidwa ndi mphamvu ya oyilo wopopedwa. Zikatero, kulimba kwa nthaka kumene kukukaniza pulawo kumasanduka kulemera kokanikiza matayala akumbuyo, moti kathirakitala kopepuka kamalima ngati chimphona. Mukayang'ana kumbuyo kwa pafupifupi thirakitala iliyonse ya masiku ano, ya ku India, ya ku China kaya ya ku America, mupeza mikono itatu yomweyi. Ndipo pa 4 Januwale 1958 Sir Edmund Hillary anafika ku South Pole, pakati pa chipale, atakwera mathirakitala atatu a mtundu womwewu.

Ndiye musadabwe kuti kunja kuli anthu amene amagula mathirakitala akale kuti azingowasunga, monga ena amasungira masitampa. Pagulu paja panali mnyamata wina amene ankalalikira kuti azungu amagula zoterezi ndi mamiliyoni mazanamazana, ndipo amene agule kotuwaka walemera. Nkhani yotere ili ndi kachoonadi pang'ono, n'chifukwa chake imapha. N'zoona kuti mu 2019 kampani ya okoshoni ya Cheffins ku England inagulitsa thirakitala ya mtundu wa Ivel, yopangidwa mu 1903, pa mtengo woposa mapaundi 300,000. Koma imeneyo inadula chifukwa zotsala za mtundu wake n'zowerengeka pa dziko lonse. Ferguson yotuwa ili mbwee m'midzi ya ku Britain, ndipo mtengo wake kumeneko ndi wamba. Palibe mzungu amene angalipire sitima kuti adzatenge ku Kasungu chinthu chimene mnansi wake akugulitsa kuseri kwa mpanda.

Thirakitala yachiwiri inali kumapeto, ndipo sinali yoti n'kuyijambula chithunzi. Inali Massey Ferguson 135. Penti wake wofiira anasuluka mpaka kuoneka ngati wa pinki, mpando unali thumba la feteleza lopinda, nyali imodzi inali yophulika, ndipo mavu anamanga chisa pansi pa chiwongolero. Malume anangoiponyera diso n'kubwerera kwa kotuwa kaja. Makaniko wathu ndiye anavula jekete.

Zimene anachita bamboyo m'mphindi makumi atatu ndi zimene ndikufuna awerengi musunge, chifukwa si za thirakitala yokha. Aliyense wogula galimoto, chigayo kaya jenereta yogwirapo kale ntchito zingamuthandize.

Asanalole kuti ailize, anagwira injini ndi chikhatho. Anati ikakhala yofunda m'mawa chonchi, dziwani kuti eni ake ailiza kale mobisa kuti isawachititse manyazi pagulu, pakuti injini yotopa imaonekera polira itazizira. Ya 135 inali yozizira. Ya kotuwa kaja inali yofunda.

Kenaka anasolola kachitsulo koyezera oyilo. Oyilo wakuda sanamudandaule, ati ameneyo n'kungosintha. Woopsa ndi wooneka ngati tiyi wamkaka, chifukwa ndiye kuti madzi akulowa m'injini. Anatsegula chivundikiro cha radiyeta kuona ngati pamadzi pakuyandama mafuta. Anagwada n'kuyang'ana pansi pamene thirakitala inagona, kuwerenga madontho ngati sing'anga.

Atabwereka batire n'kuiliza, sanayang'ane china koma utsi. Wakuda, anati, kawirikawiri ndi vuto la dizilo kapena mpweya, ndipo limakonzeka osagulitsa mbuzi. Wobiriwira ngati mtambo ndiye kuti injini ikudya oyilo, mapisitoni atha. Woyera wosatha ngakhale injini itatentha ndi chizindikiro choipa. Ya 135 inatsokomola kawiri, inalavula utsi wakuda pang'ono, kenaka n'kukhazikika. Iye anaika dzanja pa kapaipi kopumira injini kuti amve ngati kakufwenthera kwambiri, n'kugwedeza mutu movomereza.

Atatero anapita kumbuyo ku mikono ya Ferguson ija. Anaitana anyamata awiri onenepa kuti aimepo, n'kuikweza m'mwamba, kenaka n'kuzimitsa injini. Mikono ikatsika msanga ndiye kuti pampu kapena zotsekera oyilo m'kati zatha, ndipo thirakitala yosanyamula pulawo ndi wilibala yodula chabe. Anyamatawo anakhala m'mwamba mpaka anayamba kuchita manyazi. Anayesa shafiti yakumbuyo, imene imazunguza makina otongolera chimanga kapena pampu ya madzi. Anayesa magiya onse, mabuleki mbali iliyonse payokha, ndi kulendewera kwa chiwongolero. Kawotchi kowerenga maola ogwira ntchito sanakayang'ane n'komwe. Ndinamufunsa chifukwa chake. "Achimwene, kameneko kanaima Kamuzu ali moyo," anatero.

Chimene chinamudetsa nkhawa ndi matayala akumbuyo. Limodzi linali ndi ming'alu m'mbali yoti chala n'kulowa. Anatichenjeza kuti matayala awiri akumbuyo atsopano ndi ndalama yoti munthu akhale pansi kaye.

Titabwerera kwa kotuwa kaja, anakanda penti ndi chikhadabo chapansi pa injini ndipo panaoneka mzere wowotcherera. Injini inang'ambikapo kale, wina n'kuiwotcherera n'kuphimba ndi penti. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Komanso sinali ya dizilo. Inali ya mtundu uja umalira ndi petulo, ikatentha n'kuisinthira ku palafini. Nanga lero ndani angalime maekala a anthu ndi petulo n'kupeza phindu? Mphamvu zake ndi pafupifupi theka la za 135, imene ili ndi injini ya dizilo ya Perkins ya masilinda atatu, ya mphamvu za akavalo pafupifupi 45.

Koma mfundo yaikulu ya makanikoyo inali ya masipeya. Massey Ferguson 135 inayamba kupangidwa mu 1964, ndipo injini za banja lomwelo la Perkins zinapitirira kupangidwa zaka zambiri m'mayiko ngati India ndi Pakistan. N'chifukwa chake mafyuluta, maling'i, magasiketi ndi mapampu ake amapezeka m'mashopu a ku Biwi kapena ku Limbe, ndipo makaniko wa pansi pa mtengo wa mango amaimasula ndi masipanala wamba, popanda kompyuta. Thirakitala ikafa mu Novembala, mvula yoyamba itagwa, mlimi amene wakulipira kale sadikira kuti sipeya ichoke ku England.

Tisanalowe m'bwalo ndinakhala pansi ndi malume kuwerengera. Ku yunivesite sindinamalize, koma masamu a peresenti ndinatuluka nawo. Malamulo a tsikulo anali olembedwa papepala limene ambiri sanawerenge: katundu agulitsidwa mmene alili, nyundo ikagunda palibe kubweza, pamwamba pa mtengo pali K10 pa K100 iliyonse ya wogulitsa kuphatikizapo msonkho, ndipo katundu achotsedwe pasanathe masiku atatu. Titachotsera zimenezi, ya lole yonyamulira, batire, oyilo ndi mafyuluta, tinapeza kuti K18 miliyoni yathu pakamwa ndi K15 miliyoni basi. Ndinalemba nambalayo pachikhatho cha malume ndi bolopeni. Tinafunsanso kuofesi ngati thirakitalayo siili pa chikole cha ngongole ya kubanki, ndipo tinakopera nambala ya pa kachitsulo ka fakitale kuti ilembedwe pa lisiti.

Okoshoni ndi mowa, abale. Wogulitsa amaimba mitengo mothamanga ngati akulengeza mpira, amakuloza ndi nyundo, amakutcha "bwana wa chipewa uyo", ndipo anthu onse amatembenuka kukuyang'ana. Pamenepo munthu amaiwala kuti akugula chitsulo, amayamba kuteteza ulemu. Palinso ena amene amakweza dzanja popanda cholinga chogula, ntchito yawo kungokankha mtengo.

Kotuwa kaja kanayamba kugulitsidwa. Tinali titagwirizana kuti sitikakhudza. Mtengo utafika K6 miliyoni ndinangoona dzanja la malume lili m'mwamba. Ndinawakoka malaya. "Malume, mukutani?" Iwo osandiyang'ana n'komwe. K7 miliyoni. K8 miliyoni. Anatsala awiri, iwo ndi bwana wina wa magalasi akuda. Mumtima ndinayamba kuwerenga matumba a nyemba amene mayi anayeza ndi mbale kuti apeze gawo lawo. Pa K9 miliyoni makaniko uja anasendera pafupi n'kunena chapansipansi: "Madala, mukagula iyi mukaiika pabalaza. Alongo anu mukawauza chiyani?" Dzanja la malume linatsika pang'onopang'ono. Bwana uja anakatenga pa K9.5 miliyoni, ndipo tinamva pambuyo pake kuti ali ndi malo ochitira maukwati, akufuna akwati azijambulitsa zithunzi atakwerapo.

Ine sindikumunyoza bwanayo. Anagula chimene amafuna, ndipo pa ntchito ya zithunzi mng'alu wa injini ulibe kanthu. Vuto limabwera pamene munthu wofuna chida cha ntchito ayamba kupikisana ndi munthu wofuna chokongoletsa, chifukwa winayo sakuwerengera kuti ndalama yake ibwerera liti.

Pa 135 mpikisano unali wa mtundu wina. Panalibe kuwomba m'manja, okweza manja anali alimi ndi madobadoba odziwa chimene akuona. Mtengo unakwera mwakachetechete mpaka K15 miliyoni, ili ya munthu wina. Malume anayang'ana pachikhatho, anayang'ana ine, n'kukweza dzanja. K15.5 miliyoni. Bwalo linakhala zii. Nyundo inagunda.

Tinapambana, koma tinalumpha malire athu ndi theka la miliyoni, ndipo theka limenelo linatiluma tsiku lomwelo. Pulawo imene inali kumbuyo kwa thirakitalayo, imene tonse tinkaiona ngati mbali yake, inali ndi nambala yakeyake ya choko. Itafika nthawi yake tinalibe chokwezera dzanja, ndipo inapita ndi mlimi wina wa ku Dowa. Apa cholakwa chinali changa, chifukwa ine ndi amene ndinawerenga pepala lija.

Pobwerera, titakhala pamwamba pa lole pambali pa chuma chathu, ndinkaganiza za mathirakitala ena amene anthu ngati malume anayenera kupindula nawo. Mu 2016 ofesi ya Ombudsman, motsogozedwa ndi Mayi Martha Chizuma, inatulutsa lipoti la mathirakitala 177 amene boma linagula ndi ngongole ya ku India ponena kuti athandiza alimi ang'onoang'ono. Lipotilo linapeza kuti ambiri mwa iwo anagulitsidwa motchipa, ndipo ena mwa ogula anali akuluakulu a ndale ndi a m'boma. Ngongole ikakhala ya boma, obweza ndife tonse, kuphatikizapo mayi wogulitsa nyemba. Ndiye mayi yemweyo aperekenso ndalama yake ya mumsika kukagula thirakitala ya zaka zoposa 50. Ophunzira athu a zaulimi ndi zachuma, nkhani imeneyi muziikumbukira pamene mukulemba za kutukula ulimi ndi makina.

Kwa anzanga a malonda amene mukuganiza zopita ku okoshoni yotere, langizo langa ndi lochepa. Pitani tsiku loonera katundu, ndipo mupite ndi munthu wodziwa, ngakhale mumulipire. Werengani pepala la malamulo mpaka pansi, muonenso nambala ya choko pa chinthu chilichonse. Malire anu muwaike muli kunyumba mutadya nsima, muchotseretu zolipira zonse, ndipo musiye ina ya matenda amene simunawaone. Ukale pawokha si mtengo, komanso si chilema. Funso ndi loti chinthucho chikafa mawa, sipeya yake ili kuti ndipo angachidzutse ndani.

Panopa thirakitala ija ili ku Mchinji. Mavu tinawasamutsa, nyali tinaika, mpando ukadali thumba la feteleza. Ikututa njerwa ndi chimanga pa ngolo yobwereka, ndipo woyendetsa anauzidwa kuti aziyenda pang'onopang'ono chifukwa cha tayala lija. Mayi anagula kope la sukulu m'mene akulemba ulendo uliwonse, ndipo alamula kuti ndalama yoyamba ikhale ya tayala, yachiwiri ya pulawo, penti pambuyo. Ngati pulawo ipezeke mvula isanagwe, tiona. Malume akuti usiku wina analota kotuwa kaja. Mayi anawayankha kuti akakafuna akachite kubwereka pa ukwati wa mdzukulu wawo.